Kugwa M'madzi Mwadala

Ndinafika ku Joni boma latsopano litangolowa kumene, kumeneko monganso kwathu. Amuna anga anali atatsogola kale, ndipo ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Jet Park, yopanga timabwato towonda totchedwa kayaki. Ntchito yawo inali yosalaza. Bwato likatuluka m'chikombole, iwo ankalipala ndi sandipepa mpaka literere ngati mbale yadothi. Madzulo ankabwera tsitsi lili mbuu, mikono ikuyabwa ndi fumbi la faiba yopangira mabwatowo, ndipo zovala zawo ndinkachapa pazokha chifukwa fumbi limenelo likalowa m'bulangete simugona.

Tinkakhala ku Actonville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mmwenye wina wogulitsa nsalu. Mwana wathu ndinamusiya kwathu ku Namwera ndi amayi anga. Miyezi yoyambayo ndinalibe chochita. Ndikasesa, kuchapa ndi kuphika, dzuwa limakhala lidakali pamutu. Kunja ndinkaopa kutuluka poti mapepala anga sanali olongosoka, ndipo galimoto iliyonse yodutsa pang'onopang'ono ndinkaiyesa ya apolisi. Ndinayamba kuwonda. Munthu yekhayo amene ndinkacheza naye anali amayi ena a ku Chipata, a chipinda choyandikana ndi chathu, amene ankakazinga mandasi akuluakulu aja kumeneko amati magwinya. Amuna anga anawatenga ngati mlongo wawo, choncho ine ndinakhala mlamu wawo.

Kupitirira tauni ya Benoni kuli damu lalikulu. M'mbali mwake munali shedi ya anthu okonda kupalasa, ambiri a iwo azungu. Loweruka masana amuna anga ankapita kukamata mabwato obooka a anthuwo, ndipo eni shediyo anawalola kusungako bwato lawo. Linali la anthu awiri, lachikasu. Abwana awo anawapatsa chifukwa linatuluka m'chikombole ndi chipsera m'mbali, moti silikanagulika. Iwo anakulira m'mbali mwa Shire, kumene mwana amadziwa kupalasa asanadziwe kumanga kabudula. Ine ndine wa kumapiri. Madzi amene ndinkawadziwa anali a pachitsime ndi a kamtsinje kolekeza m'mawondo.

"Lamulungu lino tipitire limodzi kudamu," anandiuza tsiku lina tikudya. "Mukuthera m'chipinda muno."

"Ndikatani kumadzi ine?"

"Mukangoona. Pakati pa madzi palibe amene amafunsa pasipoti."

Ndinapita kuti ndikangoonadi. Amayi a ku Chipata anatiperekeza ndi ndowa yawo ya magwinya, atamva kuti m'mbali mwa damu mumakhala anthu owedza ndi mbedza, amene njala imawapeza ali kutali ndi sitolo.

Zimene ndinaona tsiku limenelo zinandisokoneza. Pafupi ndi gombe panaima mayi wachizungu wa imvi, madzi akumulekeza m'chiuno. Patsogolo pake panali kayaki, mkati mutakhala bambo wamkulu ndithu, wa mimba yake. Mayiyo analankhula pang'ono, bamboyo anapendekera mbali imodzi, bwato n'kutembenuka. Mutu unatulukira pambali ukutsokomola. Anakokera bwato kumtunda, kukhuthula madzi, kukweramo, kenako n'kudzigwetsanso.

"Akulangidwa?" ndinafunsa amuna anga.

"Akuphunzira. Pano lamulo lake ndi lakuti munthu sapitirira bango lija asanagwe m'madzi mayi awa akuona. Nanenso ndinagwa."

"Inu? Munthu wobadwira pa Shire?"

"Bwato la mtengo ndi lina, ili ndi lina. Ili umachita kulivala ngati nsapato. Likatembenuka miyendo imatsalira mkati."

Pobwerera, tikuyenda kupita kokwerera matakisi, amayi a ku Chipata ndi amene anaiyamba nkhani.

"Achimwene, zimene mukufuna kumuchititsa mlamu wangayu ndi malodza. Ngozi sayeserera. Ukamaiyeserera imamva kuti ikufunidwa."

Ine ndinagwirizana nawo. Kwathu mayi woyembekezera sagula zovala za mwana asanabadwe. Munthu akamanyamuka ulendo sumutchulira za ngozi zapamsewu. Ndinakula ndikudziwa kuti pali zinthu zimene zimabwera chifukwa pakamwa pazitchula, nanji kuzichita ndi thupi lonse.

Amuna anga anatembenukira kwa ine.

"Agogo anu aamuna aja, pansi penipeni pa sutikesi yawo panali chiyani?"

"Nsanda yawo."

"Anaigula liti?"

"Ndisanabadwe."

"Inawaitanira imfa?"

"Komatu anamwalira."

"Anamwalira atatsala ndi dzino limodzi, atakwatitsa ndi adzukulu omwe."

Tonse tinaseka, ngakhale mtima wanga sunavomere. Iwo anapitiriza kuti, "Sindikukakamizani. Koma m'bwato langa simukwera musanagwe. Kuli bwino muzikhala kumtunda kusiyana n'kuti tsiku lanu loyamba kumwa madzi likhale tsiku limene palibe wokugwirani."

Chimene chinandigonjetsa si mawu awowo. Ndinakhala pagombe masabata angapo pambali pa ndowa ya magwinya, ndikuwaona akupita kutali mpaka kuchepa ngati kambalame, n'kubwerako nkhope ili ngwee, pamene ine ndikubwerera ku kachipinda komwe kaja mmene ndinachokera. Nsanje ndi imene inandilowetsa m'madzi.

Mayi wa imvi uja Chichewa sankachidziwa, ndipo Chingelezi changa chinali cha moni ndi chofunsira zinthu m'sitolo. Ankalankhula Chizulu chothyokathyoka chosakaniza ndi manja, amuna anga n'kumamasulira zotsala. Tsiku loyamba anayang'ana chitenje changa n'kupukusa mutu. Ine ndinakana kuchisiya. Sanakangane nane. Anandigwira dzanja, kulowa nane m'madzi mpaka m'chiuno, n'kundiuza kuti ndithamange. Chitenje chinandikulunga miyendo ngati wina wandimanga ndi luzi, ndipo ndinagwa chafufumimba, iye n'kundidzutsa. Sabata yomweyo ndinagula thalauza ya masewera m'sitolo ina ya ku Actonville. Inali thalauza yoyamba pamoyo wanga, pakuti kwathu akazi anali atangololedwa kumene kuvala mathalauza, ndipo m'mudzi mwathu panalibe amene anali atayerekeza. Ndinkaivala ndi malaya aatali, mpango n'kumangira kumbuyo molimba. Chitenje ndinkavala pamwamba poyenda mumsewu, n'kuchisiya pagombe.

Kenako inabwera jekete yoyandamitsa munthu. Mayiyo anandimanga malamba ake mpaka ndinadandaula, n'kugwira m'mapewa kukokera m'mwamba kuti aone ngati ingavuke. Pachifuwa pake panali wezulo womangidwa ndi kachingwe. Asanandilowetse m'bwato anandigoneka chagada pamadzi, dzanja lake lili pansi pa mutu wanga, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana ndege zimene zinkatsika kupita kokatera. Ndinatsatira imodzi ndi maso mpaka inabisika kuseri kwa mitengo. Nditacheuka ndinapeza mayiyo waima poteropo, manja atapinda pachifuwa. Ndinali ndikuyandama ndekha.

Kugwa koyamba kunali koipa. Ndinakhala kutsogolo, amuna anga kumbuyo. Mayiyo anati tipendekere kumanja, koma thupi langa linakana, linapendekera kumanzere. Kachiwiri amuna anga anangodzigwetsa, bwato n'kunditenga. Pansi pa madzi panali pobiriwira, phokoso lonse linazima, madzi n'kulowa m'mphuno ngati tsabola. Zonse zimene anandiuza ndinaiwala. Ndinayamba kumenya ndi manja kufuna kudzuka pamene miyendo ili mkati. Manja a mayiyo anandigwira m'khwapa n'kundisolola.

Pagombe ndinalira. Ndinauza amuna anga kuti basi, ndaona, tiyeni kwathu. Mayiyo anandipatsa tiyi wa m'fulasiki, kudikira kuti nditsirize, kenako n'kuloza bwato.

"Futhi," anatero, kutanthauza kuti tibwereze.

Tinabwereza tsiku limenelo ndi masabata otsatira, mpaka thupi linagwira zimene mutu unkaiwala. Ukatembenuka sulimbana n'kudzuka. Umaweramira kutsogolo, kuika manja m'mbali mwa bwato, n'kulikankha ngati ukuvula siketi yothina. Ukatulukira pamwamba, choyamba n'kugwira bwato. Pa mfundo imeneyi mayiyo ankachita kukalipa. Tsiku lina kuli kamphepo anakankhira bwato lopanda munthu pamadzi n'kuuza amuna anga kuti alipeze posambira. Munthu wa pa Shire uja anasambira ndi mphamvu zake zonse, bwato likungopita ngati tsamba louma. Anabwerako ali wefuwefu, munthu wina n'kukalitenga ndi bwato lake. Lathulo linali ndi siponji yolimba kutsogolo ndi kumbuyo, moti ngakhale lidzaze madzi silimira. Komanso, anatero mayiyo, anthu a kumtunda amaona bwato lachikasu, koma mutu wa munthu pakati pa mafunde sauona.

Panalinso lamulo lakuti simunyamuka osauza munthu wa kumtunda kumene mukulowera ndi nthawi yobwerera. Wathu wa kumtunda anali amayi a ku Chipata. Ankalandira mawuwo monyinyirika.

"Ine ndabwera kudzagulitsa magwinya, mlamu, osati kudzalondera anthu ofuna kumira."

Koma maso awo ankatitsatira.

Mwezi wa Ramazani tinapuma, pakuti munthu wophunzira kugwa amamwa madzi asanafune. Utatha, mayiyo anatilola kupitirira bango. Sindikudziwa mmene ndingafotokozere tsiku limenelo. Nkhafi ya kayaki ili ndi mapeto awiri, ndipo anthu awiri akamapalasa ayenera kumenya madzi nthawi imodzi. Poyamba nkhafi zathu zinkagundana, ine n'kumawanyowetsa amuna anga kumaso. Kenako tinagwirizana, bwato n'kuyamba kuyenda lokha. Tinkadutsa nyumba zazikulu za kapinga wofika mpaka m'madzi, agalu akutiuwa ali kuseri kwa mipanda. Abakha ankatipatukira mwaulesi. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuwauza amuna anga zinthu zimene m'kachipinda muja sindinkanena, za mwana wathu, za mantha anga. Mwina chifukwa ndinali nditawafulatira.

Mu Juni, pamene kunkacha udzu uli woyera ndi chisanu, mayi wa imvi anati tigwenso. Ndinamufunsa, kudzera mwa amuna anga, ngati zonse zija sizinakwane. Anayankha kuti madzi amene tinkawadziwa anali a nyengo yotentha, awa ndi ena. Tinagwa pafupi ndi gombe. Madziwo anandimenya pachifuwa ngati chibakera. Pakamwa panatseguka pokha, mpweya ukulowa ndi kutuluka osandifunsa, mtima ukugunda m'makutu. Mayiyo anali pambali panga akungoti, "Kancane, kancane," ndiko kuti pang'onopang'ono. Ndinagona chagada dzanja lili pabwato, ndipo patapita kanthawi mpweya unabwerera m'malo mwake. Tikuwotha dzuwa kuseri kwa shedi anatiuza kuti kuzizira kumayamba ndi kuba mpweya, kenako kumaba zala. Chilichonse chofuna kumanga kapena kugwira, munthu achite zala zidakali zake.

Ogasiti ku Joni ndi mwezi wa mphepo. Imanyamula mchenga wa pamilu ya m'migodi n'kuumwaza m'tauni, mpaka umaupeza m'mano. Koma Lamulungu limenelo kunacha kuli bata. Mayi wa imvi kunalibe, anali atapita kukaona ana ake, ndipo pashedi panali anthu ochepa. Tinauza amayi a ku Chipata kuti tikulowera kumapeto kwa damu, tibwerako dzuwa lisanafike pamutu.

Popita zonse zinali bwino. Pobwerera, tili pakati pamene damu ndi lotakata, ndinaona kumwamba chakumadzulo kwasanduka kotuwa. Amuna anga anaonanso.

"Palasani mwamphamvu, tikhotere kugombe lapafupi," anatero.

Sitinafike. Mphepo inatipeza chammbali. Mafunde ake sanali aatali, anali aafupi koma otsatizana, akumenya bwato m'nthiti. Lina linakwera n'kundithira pamiyendo. Bwato linapendekeka, ndinamva amuna anga akumenya madzi ndi nkhafi kuti atiwongole, kenako anabuula mwa mtundu umene sindinawamvepo. Tinatembenuka.

Mmene ndinatulukira m'bwato sindikumbuka. Ndikukumbuka kubiriwira kuja, kenako ndili pamwamba, dzanja lina lagwira kale chogwirira cha kumphuno kwa bwato, linalo lili ndi nkhafi. Mpweya unathawa monga mu Juni muja. Ndinaudziwa, ndipo ndinaudikira. Ndili chidikirire ndinazindikira kuti sindikumva mawu a amuna anga. Masiku onse poyeserera iwo ndi amene ankayamba kufunsa ngati ndili bwino.

Ndinawaona chakumchira kwa bwato, atatalikira pang'ono. Jekete inawayandamitsa nkhope ili kumwamba, koma sankasambira. Dzanja lamanzere linali litagwira chigongono cha lamanja. Mphepo inkakankha bwato kulichotsa pa iwo.

"Bambo, gwirani bwato."

"Phewa laguluka," anayankha, mano atalumana. "Sindingathe."

Mtima unandiuza kuti ndisiye bwato ndipite kwa iwo. Ndikanatero tikanatsala awiri pakati pa madzi, wina wosadziwa kusambira, wina wa dzanja limodzi. Ndinadzikoka m'mbali mwa bwato kulowera kumchira. Linali chafufumimba, ndipo msana wake unkaterera, poti analisalaza okha ndi manja awo. Nditafika ndinagwira chogwirira cha kumchira, n'kuwatambasulira nkhafi. Sinafike. Ndinagona pamadzi kutambasula thupi lonse mpaka nsonga yake inakhudza jekete yawo. Anasiya chigongono chija akulira ndi ululu, n'kugwira nkhafi. Ndinakoka pang'onopang'ono mpaka anafika.

Ndi dzanja limodzi sakanagwira nthawi yaitali, ndipo zala zanga zinali zitayamba kulemera. Ndinavula mpango. Chifikireni ku Joni ndinali ndisanaonetse tsitsi langa panja, koma nthawi imeneyo sindinaganize n'komwe. Ndinaupisa pachogwirira, kumanga mfundo ndi zala ndi mano, n'kusiya mpata woti alowetsemo mkono wabwinowo mpaka m'chigongono. Kenako tinakweza zifuwa pamsana pa bwato mmene tikanathera, pakuti madzi amaziziritsa thupi msanga kuposa mphepo.

Ndinayamba kuimba wezulo. Mphepo inkatenga kulira kwake n'kupita nako tsidya lopanda anthu.

"Mukaona kuti ndikukulemetsani, musasiye bwato chifukwa cha ine," anatero amuna anga.

"Khalani chete, mukumwa madzi."

Kenako anayamba kutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Ine ndinkavomera, n'kuimba wezulo, n'kuvomeranso. Milomo yawo inali itatuwa. Ndinkawafunsa mafunso opanda pake kuti asasinze, dzina la ng'ombe ya atate awo, mtundu wa diresi limene ndinavala tsiku la ukwati wathu. Diresilo analakwitsa mtundu, ndipo ndinawakalipira pomwepo m'madzimo. Nthawi imene tinakhala sindiidziwa. Kwa ine inali yaitali ngati tsiku lathunthu, koma anthu a kumtunda anati siinali yaitali choncho. Wezulo unayamba kugwa pakamwa panga, kachingwe kake n'kumausunga.

Amayi a ku Chipata wezulo sanaumve. Iwo anaona fumbi likubwera, anawerama kuti avundikire ndowa, ndipo podzutsa maso anaona chikasu chili pamadzi popanda anthu okhala pamwamba. Anathamangira kushedi. Chingelezi chonse chinawathawa, moti anangomugwira mkono bambo wina amene ankamangirira bwato lake pagalimoto, kumukokera kugombe n'kuloza. Pashedipo panali boti ya injini yosungira zoterezi. Bamboyo anaitana mnzake, n'kuiliza.

Atatipeza anayamba kukweza amuna anga, mosamala chifukwa cha phewalo. Ine anandiuza kuti ndisiye bwato, koma zala zinakana kutseguka. Anachita kuzimasula chimodzi ndi chimodzi.

Kumtunda amayi a ku Chipata anandilandira. Ananditchinga ndi chitenje, kundivula zonyowa, kundiveka zouma zimene tinkasiya m'chikwama nthawi zonse. Ataona kuti kumutu kulibe mpango anatenga nsalu yovundikira magwinya n'kundimanga. Tsiku lonselo ndinanunkha mafuta okazingira. Bambo wa boti uja anatitengera kuchipatala pagalimoto yake, ndipo phewa analibwezera m'malo mwake madzulo omwewo.

Mawu awo amayi a ku Chipata anawasunga mpaka mawa lake, atabwera ndi phala kudzaona wodwala.

"Ndinanena ine, achimwene. Munaiitana mpaka yabwera."

"Yabweradi, achemwali," anayankha amuna anga. "Koma yatipeza tavala."

"Ikanakupezani muli pampando m'nyumba muno, phewa likanakhala lili m'malo."

Amuna anga anangodya phala.

Mayi wa imvi atabwerako tinapita kukamuona, amuna anga mkono uli pansalu yokoleka m'khosi. Anatikhazika pabenchi n'kutiuza kuti tifotokoze zonse kuyambira pamene tinanyamuka. Anamvetsera osadula mawu. Za mpango anagwedeza mutu. Kenako anafunsa ngati tinamvera za nyengo pa wailesi m'mawa umenewo. Sitinamvere. Anati mu Ogasiti bata la m'mawa silikhulupirika, mphepo imadzuka dzuwa likakwera, ndipo mwezi umenewo munthu amayenda m'mbali mwa gombe ngakhale njira italike. Ananenanso kuti mlandu wina ndi wake, chifukwa anatiphunzitsa kugwa koma za kuwerenga kumwamba anangozitchula modutsa. Kenako anawaonetsa amuna anga mmene akanagwirira nkhafi, chigongono chili pafupi ndi nthiti, kuti phewa lisatseguke.

Mawu a amayi a ku Chipata ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zonsezi, ndipo sindinawapezere yankho lokwanira. Mbali ina ananena zoona. Ndikanapanda kuphunzira kugwa, sindikanapezeka pakati pa damu tsiku limenelo. Kukonzekera kumamupatsa munthu mtima wopita kumene sakanapita, ndipo kumeneko amakumana ndi zimene wokhala pakhomo sakumana nazo. Komabe sindinganene kuti ndikanakonda kutsala pagombe. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'madzi muja sindinali wolimba mtima. Mantha analipo ofanana ndi a tsiku loyamba. Kusiyana kwake kunali kwakuti manja anali ndi ntchito yoti agwire, ndipo anaigwira osadikira kuti mantha athe.

Phewa la amuna anga silinabwererenso mwakale. Kusalaza kunkawapweteka, choncho abwana awo anawasamutsira kodula nsalu za faiba. Masabata amene anakhala pakhomo ine ndinayamba kukazinga magwinya limodzi ndi amayi a ku Chipata, n'kumakagulitsa pazipata za makampani ku Jet Park m'mamawa. Apolisi ndinkawaopabe, koma ndinkatuluka. Kudamu tinabwererako nyengo yotentha itayamba. Amuna anga ankapalasa pang'ono m'mbali mwa bango n'kutsika, ine n'kupitiriza ndi mayi wa imvi, iye kumbuyo, ine kutsogolo. Tinkayenda osalankhulana kwenikweni, chifukwa womasulira anali atatsala kumtunda.

Tinabwerera kumudzi zaka za m'ma 1990 zikutha. Bwato lachikasu tinalisiya pashedi pomwepo kuti aziphunzitsira ena.

Chaka china nthawi ya mvula kunagwa maliro kwawo kwa amuna anga, ndipo tinayenera kuoloka mtsinje pa bwato la mtengo. Madzi anali ofiira, akuthamanga. Mwini bwato anadzaza anthu, pamwamba n'kuikapo njinga ndi thumba la ufa. Amuna anga anayang'ana mmene lamirira n'kunena kuti ife tidikira ulendo wachiwiri. Anthu anaseka kuti machona amaopa madzi a kwawo komwe. Tikudikira, ndinakhuthula madzi akumwa amene ndinanyamula m'chigubu, n'kuchitseka mwamphamvu.

Paulendo wachiwiriwo ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachitsikana wobereka mwana. Anayang'ana chigubu chili pamiyendo panga.

"Madzi mwataya aja, chopanda kanthuchi n'chachiyani, amayi?"

"Muli mpweya. Chimayandama."

Bwato linayamba kuchoka pagombe.

"Chingatinyamule awiri?"

"Chingathe, tikangochigwira osachikwera. Koma mwanayo muchotseni kumsana, mumuike patsogolo."

Anamasula mbereko n'kumufungata mwanayo ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira chigubu pambali pa langa. Tinaoloka popanda chovuta. Tsidya linalo anandithandiza kupopa mjigo kuti ndidzazenso madzi, kenako tinatsatira anthu kulowera kusiwa.